Bambo Masiye Anakana Singano Yosokera

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi akulu anga, Bambo Yesaya Masiye. Anabadwa mu 1951 kwa Maganga, m'boma la Salima. Sukulu analekezera sitandade 6, kenaka anapita ku Lilongwe kukaphunzira kukonza mawailesi. Atabwerako anakwatira Mayi Pauline, nayamba kuimba mbale za galamafoni m'maukwati, kuyambira kwa Maganga mpaka ku Khombedza, katundu yense ali pa njinga.

Ankaphunzitsa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, kuti moyo wa mbale uli pa nsonga ya singano ya galamafoni. Nsonga yozungulira bwino imatsetsereka m'mizere ya mbale. Yosongoka ngati munga imakumba pansi, ndipo yakutha imapala m'mbali monga timapalira chinangwa, nyimbo n'kusanduka phokoso.

Nkhani ya 1989 tiinene poyera, poti mwainong'ona mokwanira. Pa ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo, singano yawo inatha gule ali pakati. Anthu ananola singano yosokera pa mwala kuti aikepo. Malemu anakana, anamanga katundu wawo n'kuchoka. Mpingo unawachotsa pa udikoni umene anali nawo, anthu nawapatsa dzina loti Aumbombo. Ena mwabwera mukuganiza kuti banja lipepesa lero. Sitipepesa. Anzawo amene ankalola singano zosokera, mbale zawo zinathera kuvundikira miphika, pomwe za malemu zikuimbabe. Kutchalitchi sanasiye, ankakhala pa benchi lakumbuyo osazolika.

Matenda a shuga anawagwetsa chaka chatha. Atafooka, analakalaka kumva nyimbo imene anavina ndi akazi awo pa ukwati wawo. Koma singano yomaliza inali itatha, ndipo yatsopano imene tinaitanitsa ku Lilongwe inachedwa. Ndinawachonderera kuti tiimbe kamodzi kokha ndi yakuthayo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anatisiya Lachiwiri osaimva nyimbo ija, ndipo zimenezi zikundiwawa kwambiri. Singano yatsopano ija yafika dzulo, tikukhoma bokosi.

Asiya mkazi, Mayi Pauline, ana atatu, Tikondwe, Ufulu ndi Ella, zidzukulu zisanu ndi ine mng'ono wawo. Achibale amene mwayamba kale kufunsa za mbalezo, dziwani kuti sizigawidwa. Zikhala ndi alamu anga, ndipo tikachoka kumanda kuno amva nyimbo yawo.

Akulu anga apumule mu mtendere wa Ambuye.