Mbiri ya Malemu Wadih Ghantous ndi Migolo Imene Atisiyira

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno mumzinda wa Zahle. Anali oyamba mwa ana asanu a Bambo Nakhle ndi Mayi Zalfa Ghantous. Ine amene ndaima pamaso panu, abambo ansembe, achibale ndi anansi, ndine Karam, mng'ono wawo. Mundikhululukire. Lero sindili ndi chisoni chokha, ndilinso ndi mantha, ndipo chifukwa chake muchimva ndisanakhale pansi.

Mu 1957 anayamba sukulu ya mpingo, ndipo mu 1965 anaisiya nakaphunzira ntchito yosindikiza mabuku kwa amalume athu, Bambo Hanna. Masiku amenewo osindikiza ankatsuka makina ndi manjamanja, inki n'kumaichotsa m'manja ndi petulo. Poweruka ankamwa kapu ya mkaka, ati mkaka umatsuka poizoni m'chifuwa. Achimwene anamwa mkaka umenewo zaka zambiri mokhulupirika.

Pa 14 Meyi 1978 anamanga banja ndi Mayi Najla, amene mpaka lero amati sanaonepo mtundu weniweni wa zikhadabo za amuna awo. Mu 1983, nkhondo ya m'dziko muno ili mkati, anatsegula malo awoawo osindikizira pansi pa nyumba yathu. Makadi a maukwati anu ambiri, zidziwitso za maliro a makolo anu ndi makope a ana anu zinatuluka m'makina amenewo. Loweruka lililonse ankatsuka makina, madzi a mankhwala otsukirawo n'kuwathira m'ngalande yopita kumadimba. Anzawo onse a ntchitoyi ankachitanso chimodzimodzi.

Mu Julayi 1999, atamaliza ntchito yaikulu, ngalande ija inayenda madzi obiriwira tsiku lonse. Nkhosa zisanu ndi zinayi za mnansi wathu, Bambo Melhem, zinamwa ndipo zinafa. Bambo Melhem sanapite kupolisi. Ananyamula nkhosa imodzi yakufa, naigoneka pakhomo pa malemu, nabwerera kwawo. Achimwene anakhala masiku awiri osadya. Kuchokera pamenepo sanathirenso ngakhale kadontho m'ngalande.

Kuyambira mu 2000 anasintha kagwiridwe konse ka ntchito. Anayamba kugula inki yopangidwa ndi mafuta a soya, ndi mapepala opangidwa kuchokera ku mapepala akale. Mu 2012 anaika magetsi a dzuwa padenga kuti jenereta isamafukize anthu utsi. Anzawo ankawagemula, powaitana ndi dzina la mwana wawo Ziad, kuti, "Abu Ziad, kodi mwasanduka wansembe wa achule?" Makasitomala ena anathawa, ati pepala lake ndi lotuwa. Malemu, amene tonse tikudziwa kuti anali ouma mutu, ankangoyankha kuti, "Mukafuna loyera mbee pitani kwina, ine nkhosa ndinapha zokwanira."

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinawakanika. Makina sungawatsuke popanda mankhwala, ndipo madzi otsalawo ayenera kupita penapake. Malemu anayamba kuwasunga m'migolo yachitsulo m'chipinda chapansi, poyembekeza kupeza kampani yodziwa kuwononga zinthu zotere. Analembera makampani atatu. Imodzi inatumiza munthu, amene anaona migoloyo, anamwa khofi, ndipo sanabwerenso. Lero migoloyo ilipo makumi anayi ndi umodzi.

Mu Febuluwale chaka chino cha 2018 anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Madokotala anapeza kuti mapapo awo anaonongeka kalekale ndi mpweya wa mankhwala aja. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Okutobala, ndipo anatisiya pa 21 Okutobala ali ndi zaka 67. Masabata atatu onsewo sanadandaule za ululu. Ndikalowa, moni wawo unali wakuti, "Karam, watsikako? Pansi pali bwanji?"

Apa ndiye pali mantha anga. Chipinda chija chimalowa madzi nyengo ya mvula iliyonse, kufika m'akakolo. Malemu ankawapopa okha, ndipo migoloyo anaiika pa matabwa. Tsopano wopopa uja wagona apa. Chitsime chimene nyumba khumi ndi ziwiri za mumsewu mwathu zimatungapo chili pafupi kwambiri, mwana atha kuponyapo mwala ali pakhomo pathu. Mvula yoyamba sichedwa kupitirira sabata ziwiri. Mwina mwadabwa kuti bwanji tikulandirira chipepeso chanu mu holo ya tchalitchi, osati kunyumba. Ndi chifukwa chakuti ambiri mwa inu mumasuta, ndipo mpweya wa m'chipinda chija sufuna moto.

Dzulo kukhitchini ndinamva munthu wina akunong'ona kuti, "Mvula ikangogwa titsegule migoloyo, madzi atenga, adziwa ndani?" Sindimutchula dzina. Ndi m'bale wathu, wakhala pompano, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kupepuza mayi wamasiye. Koma m'bale wanga, m'mawa mwake ndi adzukulu ako amene adzamwe. Kiyi wa chipindacho ali ndi Rima, mwana wamkazi wa malemu, ndipo iye amakana ngati bambo ake.

Pempho la banja ndi ili. Loweruka likubwerali, seveni koloko m'mawa, tikufuna amuna amphamvu ndi lole imodzi. Mwana wa malemu, Ziad, wapeza kale migolo yapulasitiki yosachita dzimbiri ndi zodzitetezera kumphuno. Chimene tikusowa ndi nyumba youma, yapamtunda, yosungiramo migoloyi kufikira titapeza oiwononga moyenera. Ndafunsa anthu asanu ndi mmodzi. Onse andipepesa maliro bwino lomwe, koma palibe amene wavomera.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Najla, ana awiri, Ziad ndi Rima, adzukulu asanu, ndi ife abale awo atatu amene tatsala. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, abambo ansembe ndi a kwaya, amayi amene akhala akuphika chiyambire Lamlungu, ndi ana a malemu Bambo Melhem amene anapempha okha kunyamula nawo bokosi.

Ndisanakhale pansi ndiulule chinthu chimodzi pamaso pa Mulungu ndi pa thupi ili. Tsiku lomaliza, achimwene atandifunsa za pansi paja, ndinawauza kuti ndi pouma. Anamwetulira, natseka maso, ndipo madzulo ake anapita. Koma m'mawa womwewo ndinali nditapeza mgolo wa pakona utayamba kudontha, thabwa lake litanyowa, mvula isanagwe n'komwe.

Achimwene, ndinakunamizani kuti mupite ndi mtima wokhazikika. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ife otsalafe tili ndi masiku anayi oti mawu ndinakuuzani aja akhale oona.