A Inki ndi Buku Lozondoka

A Inki, omwe anapatsidwa dzinali chifukwa zala zawo sizinayerepo chiyambireni ntchito yoyala zilembo pa kampani yosindikiza mabuku, analowa m'sitolo ya mabuku rula ili m'thumba la malaya, mtima uli m'mwamba. Bwana watsopano anali atawauza mosapsatira kuti mwezi ukatha asanadziwe kukonza masamba pa kompyuta, pampando wawo pakhala wina.

"Mayi, ndikufuna buku la chinthu ichi," anatero akutambasula chikhatho pakauntala.

Mayi ogulitsa mabuku anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Buku la chikhatho?"

"Werengani zomwe ndalembapozo! Ndi dzina la pulogalamu yake ya pa kompyuta."

"Oho, ndaliona pakati pa inki yonseyi. Mabuku ake alipo atatu."

Anawatsitsa pashelefu. A Inki anatola loyamba, kulitsegula pakati, kulizondotsa, n'kusolola rula.

"Bambo, mwalizondotsatu."

"Ndikudziwa."

Mayiwo analitembenuza mwaulemu. A Inki analizondotsanso mopanda ulemu.

"Ife a ntchito yathu tsamba timaliona chonchi. Ukaliwongola mawu amakunyenga, umayamba kuwerenga n'kuiwala kuyang'ana."

"Ndiye buku si lowerenga?"

"Kuwerenga n'kwa makasitomala." Anayala rula. "Ha! Taonani. Mpata wa uku chala chimodzi, wa uku zala ziwiri. Amene anakonza tsamba ili anali ataledzera."

"Sindinamuonepo akumwa. Sindimudziwa n'komwe."

"Chotsani, chotsani."

Lachiwiri silinachedwe m'manja. A Inki anangoti kutsegula, mluzu fyoo!

"Mzere umodzi wokha watsalira pamwamba pa tsamba, anzake onse anathera kutsamba linalo. Wangoima wokha ngati mwana wosochera mumsika. Munthu wopanda chisoni ameneyu!"

"Kumbali kwanuko uli pansi, bambo."

"Uli pamwamba!"

"Kwa ine uli pamwamba. Kwa inu uli pansi."

Zoonadi, poti mayiwo anali tsidya lina la kauntala, buku lililonse lomwe a Inki ankazondotsa linkawagwera lowongoka bwinobwino, moti iwo ankangowerenga mwakachetechete.

Lachitatu ndiye linawadwalitsa mutu a Inki. Mivi yofiira paliponse, zithunzi zokhotakhota, timabokosi tachikasu todzaza mawu, zilembo zina zonenepa zina zowonda.

"Mayo ine! Ichi ndi chiyani? Chikwangwani cha sing'anga?"

"Ndi buku. Ndiponso ndi lokhalo la pulogalamu ya chaka chino, yomwe ili pachikhatho panuyo. Awiri aja akuphunzitsa mabatani omwe anachotsedwa kale."

"Munthu wolephera kukonza tsamba lake lomwe adzandiphunzitse ine kukonza tsamba?"

"Munthuyo sabwera kwanu, bambo. Mungotenga buku lokhali."

A Inki anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Zowawa mtima zinalipo. Iwo anakalambira pa ntchito imeneyi, mizere yawo anthu ankaiyamikira mpaka m'makhoti ndi m'matchalitchi, lero aphunzitsidwe ndi mivi yofiira?

"Mayi, tisatayitsane nthawi. Ndipatseni buku labwino kuposa onse m'sitolo muno. Mipata yofanana. Mizere yowongoka. Pepala losaonetsa za kuseri. Msana wosokedwa ndi ulusi, osati zomata ndi guluu izi."

"La nkhani yanji?"

"Ndati labwino!"

"Basi?"

"Basi!"

Mayiwo anakwera pakampando, n'kutsitsa buku lachikuto chobiriwira kuchokera pashelefu yapamwamba. A Inki analizondotsa, kuyala rula uku, n'kuyalanso uku. Kenaka analinunkhiza.

"Eeeh! Anthu akadalipo padziko pano. Taonani mizereyi mmene yafolera! Amene anapanga ili ndiye mphunzitsi wanga ameneyu."

"Ambiri amaliyamikira."

"Nanga tebulo la manambala ili! Onse ali pamzere ngati asilikali."

"Eya, limenelo ndi la katemera."

"Kaya ndi la chiyani, koma ndi tebulo. Tandiuzani, munthu woyamba kumene zimamutengera nthawi yaitali bwanji?"

Mayiwo anawerenga kuchokera kumbali kwawo. "Apa akuti masabata asanu ndi limodzi zimakhala zitakhwima."

"Iyayi, ine ndili ndi mpaka kutha kwa mwezi uno basi."

"Zidzakhala zikadali zazing'ono. Palibe angagule."

"Zazing'ono n'zomwe ndikufuna poyambira. Makhadi aukwati, timapepala tamaliro, zikuluzikulu zibwera pambuyo. Chofunika n'chiyani?"

"Chipinda chofunda, ndi nyale yoyaka usiku wonse."

"Ku ofesi kwathu zilipo zonsezo."

"Muyambira mu ofesi?"

"Nanga ndiyambire kubafa? Pa desiki panga pomwepo, pafupi ndi bwana, azidzionera yekha kuti mdala sanathe."

"Adzalola bwanayo?"

"Ndi iyeyo wandituma!"

"Ndiye ndi munthu wabwino. Ena amadana ndi phokoso."

"Phokoso ine ndinalizolowera. Makina athu akale ankagwedeza nyumba yonse."

"Nanga fungo?"

"La inki? Limenelo ndi perefyumu kwa ine."

"La chitosi."

A Inki anaimitsa rula m'malere. "Chitosi cha ndani?"

"Cha zomwezo. Pa tsamba lotsatira akuti muzisintha utuchi sabata iliyonse, apo ayi zimatupa maso."

Pang'onopang'ono, ngati munthu wovundukula poto wa eni ake, a Inki analitembenuza buku lija n'kuliwongola. Koyamba chilowereni m'sitolomo, anawerenga. Anatseka, kuyang'ana pachikuto, n'kuona zilembo zagolide zokongola kwambiri: Kuweta Nkhuku za Nyama.

"Mayi! Mwandipatsa buku la nkhuku?"

"Munati labwino kuposa onse."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinafunsa kuti la nkhani yanji. Munati basi."

"Ndiye nthawi yonseyi mumaganiza kuti ndikaweta nkhuku pa desiki?"

"Desiki yanu sindinaionepo, bambo. Mwina ndi yaikulu."

A Inki anafuna kukalipa, koma anakumbukira kompyuta ija itakhala phee pa desiki, yophimbidwa ndi nsalu yomwe iwo eni anaifunditsa kuti isamawayang'ane. Ankaiopa, kunena zoona. Ankaopa kuti aliwerenga lonse buku la mivi yofiiralo koma mutu n'kukana, anyamata a mu ofesi n'kumasekera kukhosi.

Anakoka buku lonyansa lija ndi zala ziwiri, kulitsegula tsamba loyamba, mowongoka. Rula anaibwezera m'thumba.

"Akuti dinani apa," anang'ung'udza. "Muvi wake wokhota, komabe ukuloza pomwe akunenapo."

"Ndilikulunge?"

"Kulungani. Pepala lakuda bii, anthu asandione nalo mumsewu."

Mayiwo anakulunga, kenaka anatambasula dzanja kuti abweze lobiriwira lija pashelefu. Chikhatho cha inki chinagwera pachikuto, phaa!

"Mukupita nalo kuti?"

"Pamalo pake. Si la nkhuku ili?"

"Kulungani limodzi," anatero a Inki, maso ali kumbali. "Lonyansali likandikanika, mwezi wamawa nyale ija ndikayatsira kunyumba."