Masiku Atatu a Umphawi wa Vibiyo

Nyumba yosanja imene Fusko ankakhalamo ku Subura, dera la amphawi mumzinda, inagwa m'mamawa, ndiye anathamangira kwa bwana wake Vibiyo, mwini zombo zisanu za mafuta a azitona, kukapempha pogona. Anam'peza m'dimba, pakhomo pa kanyumba kaudzu katsopano, atavala sanza zochapa bwino, zonunkhira mafuta odula. Anthu olemera zawo n'zina ndithu.

"Bwana, nyumba yatigwera!"

"Wabwera bwino, Fusko. Iwe ndiwe mmphawi weniweni. Tandiyang'ana, ndakhoza?"

"Mwakhoza chiyani, bwana?"

"Umphawi! Anzeru amati munthu aziyeserera umphawi masiku atatu pamwezi, kuti ukadzabwera asadzanjenjemere. Ndayamba lero. Undikonze pamene ndalakwitsa."

Fusko anali munthu wochita zimene wauzidwa. Anasuzumira m'kanyumbamo.

"Denga ili limadontha?"

"Ngakhale pang'ono."

"Mwalakwitsa." Anatola ndodo n'kuboola udzu, kumwamba n'kuonekera.

"Iwe! Amisiri atatu afolera pamenepo!"

"Mwati ndikukonzeni. Nanga nsikidzi zili kuti?"

"Nsikidzi za chiyaninso?"

"Ndikubweretserani zathu. Zapulumuka zonse, zili m'chofunda. Koma bwana, mkazi wanga Tertiya ndi ana ali pamsewu..."

"Odala iwo! Wopanda kanthu saopa mbala. Ine chuma chimandisowetsa tulo."

Mtima wa Fusko unawawa, koma mphuno yake inamva kena kake. Anavundukula mbale pakona.

"Ichi n'chiyani?"

"Phala la barele. Chakudya cha osauka."

"La uchi? Ndi nkhuyu pamwamba?"

"Pang'ono chabe, kuti lidyeke."

"Mmphawi sadya m'mawa." Anakhala pansi, n'kulikomba lonse mpaka mbale kuwala.

"Fusko! Ndidya chiyani ine?"

"Eya! Funso lake ndi lomwelo, bwana. Mwayamba kukhoza. Vulaninso nsapatozo."

"Pali minga pano!"

"Ngati zakukanikani, lowani m'nyumba. Sindiuza munthu."

Vibiyo anafufuma ngati chule. Anavula nsapato n'kuziponya kutali.

"Kukanika ine? Ndalumbira pamaso pa milungu ya pakhomo pano kuti sindiponda m'nyumbamo masiku atatu. Ngakhale itapsa!"

"Ngakhale kugwe mvula?"

"Ngakhale matalala!"

"Ndiye bedi la minyanga ya njovu lija ligona lokha?"

"Ligone lokha! Silindipatsa mtendere."

Fusko anatola nsapato zija, nazivala, n'kulunjika kuchipata akukuwa: "Tertiya! Lowa nawo anawo!"

"Iwe, ukuwalowetsa kuti?"

"M'nyumba, bwana. Anzeru aja anena zoona. Nafenso tiyeserere chuma masiku atatu, kuti chikadzatigwera tisadzanjenjemere."