Sayansi Yoliritsa Mwana

Ndikulemba kuchokera ku Mwanza boma. Ine ndinapita ku koleji n'kubwerako msanga anzanga asanamalize, choncho kwathu nkhani iliyonse yokhudza mabuku amaitula kwa ine.

Mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 6, amakonda mabuku a nthano. Koma bambo ake, alamu anga ogulitsa manachesi, ananeneratu kuti mwanayo akadzabwerekanso buku "labodza" ku laibulale, sadzapondakonso. Iwo amafuna za mayeso basi.

Tsiku lina mwanayo ataweruka ndinamuperekeza ku laibulale. Anasankha buku la Chichewa, la mtsikana wofunafuna galu wake wosowa. Ine, monga katswiri wa pabanja, ndinalikuta ndi pepala la khaki n'kulembapo kuti Sayansi.

Madzulo ake alamu anamupeza pakhonde akuwerenga, misozi ili mbwee. Anatembenukira kwa ine.

"Alamu, ndi sayansi yanji yoliritsa mwana?"

"Silabasi inasintha, alamu," ndinatero.

Sanakhutire. Anamuuza kuti awerenge mokweza. Mwana anayamba, ine maso ali kunjira yothawira. Tsamba litatha, anaima.

"Ndiye galuyo anapezeka?" anafunsa alamu.

"Sindinafikepo, ababa."

"Nanga waimiranji?"

Mpaka lero mwana akupitabe ku laibulale. Chinasintha n'chakuti posankha buku amaganiziranso bambo ake, amene safuna nkhani yoti galu amwalire kumapeto.

Langizo langa kwa omvera wailesi ndi lakuti mwana muzimusiya asankhe yekha buku. Inu akuluakulu, yanu ndi kugula khaki.