Dzina ndi Keyala

Pamzere wolowera ku nyumba ya malamulo ya chigawo cha dziko lachilendo limene ankakhala, Marleni, mayi wochokera ku Honduras, anangogwira cholembera osalemba papepala la mayina. Bambo wachikulire amene anali kumbuyo kwake anasendera pafupi.

"Lembani, mayi. Wofuna kulankhula kwa aphungu amasiya dzina ndi keyala ya nyumba imene amakhala."

"Amawerenga ndani pepalali?"

"Aliyense. Amaliika pa intaneti."

"Mayo ine! Ndilibe ziphaso zokhalira m'dziko muno, bambo. Ana anga amagona m'nyumba imeneyo."

"Lamulo akukambirana leroli likadutsa, apolisi sadzatiperekanso kwa otithamangitsa m'dziko."

"Nanga likakanidwa?"

"Linakanidwa chaka chatha, ine nditalemba kale. Mpaka lero munthu akagogoda, ndimazimitsa wailesi n'kukhala zii."

"Ndiye mwabweranso?"

"Ndatopa nako kubisala m'nyumba mwanga momwe. Mukatha, mundibwereke cholemberacho."