Keke Imene Inakana Kutuluka mu Uvuni

Kale, magetsi asanafike kuno ku Bembeke, munthu wokhala ndi uvuni m'nyumba ankalozedwa ndi chala ngati mwini galimoto, ndipo mmodzi wa olozedwawo ndinali ine. Iwe Tadala, tasiya kaye kumenya shelefu imeneyo ndi chipande, uphwanya chitofu chako chatsopano. Itana abale akowo mukhale apa, ndikuuzeni mmene kachitsulo kotere kanatsala pang'ono kupasula ukwati wa mayi ako usanayambe.

Ine ndinagwira ukhukhi kwa ansembe zaka zambiri, ndipo atagula chitofu china anandipatsa chakalecho, chachitsulo, cha nkhuni, cholemera moti tinachibweretsa pa ngolo. Si zanuzi zongodina batani ayi. Chinkafuna munthu wodziwa kuyesa moto ndi dzanja, ndipo ine ndinkadziwa, komanso ndinkadziwa kuti ndikudziwa, amenewo ndiwo anali matenda anga. Agogo anu aakazi, a Nabanda, sindinkawalola kuchikhudza. Iwo ankaphika panja pa mafuwa, ine m'nyumba ngati bwana.

Tsono Agnesi, mayi akowo, anapeza mnyamata wa ku Mayani, mphunzitsi, amene lero umati bambo ako. Kwawoko onse anavomera kupatula munthu mmodzi, a Nachisale, amayi ake aakulu a mnyamatayo. Ndipo si munthu wamba, poti ankhoswe a kuchimuna anali mlongo wawo, ndipo iwo akatsokomola ankhoswewo ankadwala chifuwa. Mlandu wathu unali ine. Ankati, "Pakhomo pamene mwamuna ndiye wogwira mthiko, ndiye kuti mkazi wake ndi manja lende. Nanga mwana wamkazi waphunzira kwa yani? Mwana wathu akafa ndi njala."

Nditamva zimenezo ndinapsa mtima, ndipo m'malo mokhala chete ndinatumiza mawu akuti keke ya ukwati ndiphika ndine, adzaone okha. Iwo anayankha kuti abweradi kudzaona. Ndinaputa ndekha mavu.

Sabata ya ukwatiyo shelefu ya mu uvuni inayamba kuuma. Mukudziwa timipata ta m'mbali timene shelefu imayendamo, monga takoto Tadala. Ukakoka inkalira, n'kubwera mokhotakhota ngati munthu wochokera ku mowa. A Nabanda anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Bambo a Agnesi, mafuta akale apsereramo umo. Bwanji ndikukwechereni ndi phulusa?"

Ine ndinati, "Phulusa n'la miphika yanu ya panja. Ichi ndi chitsulo cha kunja."

Ndiye ndinatenga majarini n'kupaka m'timipatamo mosaumira, mawa lake n'kuthiranso mafuta ophikira, mkuja majarini wina. Tsiku lililonse ndikasonkha moto mafutawo ankapsa n'kusanduka ulimbo, ine n'kumaonjezera ena pamwamba pake, n'kumadabwa kuti bwanji sizikutheka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinachita kuphika ndekha.

Linafika Lachisanu, ukwati uli mawa. A Nachisale anatsika basi m'mawa, atafunda zitenje ziwiri chifukwa cha chisanu cha mu Juni, ndipo anakana mphasa, anafuna mpando pakhomo penipeni pa khitchini. Mazira onse amene achibale anasonkha ndinaswera m'beseni limodzi, shuga yense, ufa wonse wa tirigu umene ndinakagula ku Dedza pa njinga. Panalibe zoti zikalakwika tiphikanso ina. Si lero pamene mumangoimba foni keke n'kubwera pa njinga yamoto itavala kale maluwa. Ndinaika beseni pa shelefu, n'kuikankha ndi bondo mpaka inalowa, n'kutseka.

Fungo litayamba kutuluka ndinayang'ana asewere angawo ndi diso la m'mbali, ndipo ndinaona mphuno yawo ikugwedera ngakhale nkhope inali itamangidwa. Ndinatsegula, n'kubaya kamtengo pakati, kanatuluka kouma. Keke yapsa bwino, yafufuma mpaka m'mphepete. Ndinagwira shelefu ndi chiguduli n'kukoka. Zii. Ndinakokanso. Zii. Ndinati ndingonyamula beseni lokha, koma phala la keke linali litasefukira pang'ono, shuga n'kumatirira beseni ku shelefu. Beseni lagwira shelefu, shelefu yagwira uvuni, ndipo pansi moto uli lawilawi.

"Kodi yatani, asewere?" anafunsa a Nachisale mokoma kwambiri.

"Ikupuma kaye," ndinatero.

Ndinatenga pulayala ya njinga, n'kuponda chitofu ndi phazi limodzi, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Shelefu sinasunthe, koma chitofu chonse chinabwera, paipi ya utsi n'kuguluka kudenga, mwaye wa zaka zambiri n'kukhuthukira pa ine, wina pa duku la mlendo. Musaseke, inu, panalibe choseketsa pamenepo. Agnesi anali ataima pazenera manja ali kukamwa, misozi ikuyenda, ndipo ine mtima unandiwawa kuposa chala chimene ndinapsa.

A Nachisale anasasa duku pang'onopang'ono. "Ine sindinena zambiri," anatero, kenako n'kunena zambiri. "Chinthu chophikira ukwati chikakana kutuluka m'nyumba, ndiye kuti akumidima akana kuti mwanayo atuluke. Zimenezi si za munthu. Ndikafotokoza kwa alongo anga lero lomwe."

Ine mkatolika wa kwaya, ndinafuna kuwayankha ndi katekisimu yense, koma ndikanayankha bwanji ndili wakuda bii, keke ikununkha kupserera?

Pamenepo a Nabanda analowa osapempha, koyamba chibwerere chitofucho. Sanandiyang'ane n'komwe. Anaphula nkhuni zonse, anaphimba keke ndi tsamba la nthochi, kenako anatuluka n'kubwera ndi kambale ka chidulo, madzi a phulusa aja othira m'therere, amene anacheza m'mawa. Anatenthetsa pa makala, n'kuyamba kudontheza m'timipata muja ndi supuni, modekha ngati akumwetsa khanda mankhwala.

A Nachisale anali atakoleka kale chikwama paphewa kuti azipita, koma mayi amene uja sankatha kuona mnzake akugwira ntchito osamukonza. Anabwerera, n'kuviika chala m'kambalemo, n'kulawa.

"Phulusa lanji ili?"

"La zitsononkho, asewere."

"Eya, n'chifukwa chake n'chaukali. Ana a masiku ano amangotapa lililonse." Anasuzumira mu uvuni. "Koma mukudontheza kutsogolo kokha. Tapatseni kuno."

Anagwada pa mwaye pomwepo ndi zitenje zawo ziwiri, wina akudontheza, wina akupala ndi kampeni, mitu itagundana pakhomo la uvuni, akukambirana za therere la ku Mayani ndi la kuno ngati anakulira limodzi. Ulimbo uja unayamba kufewa n'kumatsika ngati phala lakuda. A Nachisale anagwedeza shelefu kumanja, kumanzere, ndipo inabwera yokha m'manja mwawo, phee, keke ili pamwamba, yoderako pang'ono mbali imodzi basi.

A Nabanda anati, "Akumidima aja amvera inu, asewere."

Mlendoyo anayang'ana keke ili m'manja mwake, imene anatulutsa yekha. Kenako anatembenukira kwa ine. "Tandiuzani zoona, asewere. Wophika pakhomo pano ndani? Poti munthu wosadziwa chidulo sangakhale ndi manja opangira chinthu chonunkhira chonchi."

Ana inu, keke imeneyo inali yanga. Mazira ndinamenya ndine mpaka phewa kuuma, moto ndinayesa ndine, zaka zanga zonse za ukhukhi zinali m'beseni limenelo. Mawu anafika pakhosi. Koma ndinayang'ana pazenera paja, n'kuona Agnesi akundiyang'ana, ndipo ndinameza.

"Ine ndimangosonkhezera moto, asewere. Wophika ndi awa, ndi mwana wawoyo."

"Ndinadziwa ine," anatero, n'kuika chikwama pansi.

Mawa lake a Nachisale anavina ndi keke imeneyo pamutu kuchokera pakhomo la tchalitchi, akuuza aliyense kuti mwana wawo wakwatira pakhomo pa akazi a manja. Pa perekaniperekani analengeza kuti keke aphika ndi mayi a mkwatibwi mothandizana ndi a Nachisale. Ine ananditchula kuti ndinathandiza nkhuni. Zinandiwawa, sindinama, zikundiwawabe mpaka lero, koma ndikakuonani inu mutadzaza khonde chonchi ndimati mtengo wake unali wotsika.

Choncho Tadala, zimitsa chitofucho chizizire, utulutse shelefu ukweche ndi phulusa ndi madzi otentha mpaka zakudazo zichoke, uumitse, kenako upake kadontho kamodzi ka mafuta ndi kansalu, kamodzi kokha. Ndipo wina akakuuza nzeru pakhomo pako, ukaona kuti zagwira, umuuze tsiku lomwelo kuti ananena zoona. Ine ndinkati agogo ako ndidzawauza ndikapeza mpata wabwino, ndinazengereza zaka zonse zija, mpaka tinakawaika kuseri kwa phiri uko ndisanawauze.