Wonyamula Katundu Saweramuka

Pamzere wolembetsa pa geti lokwerera phiri, mayi wina wa nsapato zatsopano anasuzumira m'buku n'kuona zimene bambo a imvi patsogolo pake analemba.

"Bambo, mwasankha njira yophweka? Imeneyo ndi ya ana asukulu! Ine ndidzera yovuta ija, yogwira zingwe."

"Pitani, mayi. Koma mukafika pathanthwe long'ambika, mutsogoze mwendo wamanzere. Kumanjako n'koterera."

"Ii! Mumaidziwa?"

"Ndanyamula zikwama za alendo m'njira imeneyo zaka makumi atatu. Zina zolemera ngati abisamo apongozi."

"Nanga lero bwanji? Mawondo?"

"Mawondo ali bwinobwino. Kungoti wonyamula katundu saweramuka. Mwala uliwonse ndimaudziwa, muzu uliwonse. Alendo akati, 'Taonani kukongola!' ine ndinkangovomera, maso ali pa zala za kumapazi. Dzulo mdzukulu wanga anandifunsa kuti kuphiriko kumaoneka zotani. Lero ndabwera kudzaona."

Mayi uja anayang'ana nsapato zake, kenako anatola cholembera.

"Bambo, njira yanuyo anthu awiri amakwanamo?"

"Amakwanamo. Bola musandipatse chikwama."